Tulo tikamavuta: yambirani pa dzuwa, kenako babu, foni pambuyo

Munthu akangodandaula kuti masiku ano tulo sitikubwera, anzake sachedwa kuloza foni. Amati kuwala kwa buluu kochokera pa sikirini ndiko kukumupweteka, ndipo ena amafika pothamangira kukagula magalasi oti azitchinga kuwalako. Foni mlandu ili nawo ndithu, koma siili yokha, ndipo kuwala kwake si kumene kuli patsogolo. Tulo timachedwa kwambiri zinthu izi zikaphatikizana: tsiku lonse lothera m'nyumba kapena mu ofesi osaona dzuwa, babu loyera mbee loyaka mpaka nthawi yolowa m'bulangete, ndi chala chokana kusiya kudinadina ngakhale maso akulemera. Malangizo ali m'munsimu ndawasanja kuyambira pa zimene zili ndi mphamvu kwambiri, zomwenso mwamwayi sizilira ndalama.

Zimene zimachitika m'diso kunja kukada

Kumbuyo kwa diso kuli timaselo tomwe timalandira kuwala. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadziwa mitundu iwiri yokha: toonera masana n'kusiyanitsa mitundu ya zinthu, ndi toonera mumdima. Mu 2002, David Berson ndi anzake pa yunivesite ya Brown ku America anaonetsa kuti pali mtundu wachitatu. Ntchito yaikulu ya timeneti si kuzindikira nkhope kapena kuwerenga zilembo. Timayeza kuchuluka kwa kuwala n'kukauza kachigawo kena ka ubongo, ka maselo pafupifupi 20,000, komwe kamasunga nthawi ya thupi lonse. M'timaselomu muli puloteni yomva kuwala yotchedwa melanopsin, yomwe Ignacio Provencio anaitulukira mu 1998 pofufuza khungu la chule, ndipo imagwidwa kwambiri ndi kuwala kwa buluu, mtundu womwe umachuluka m'thambo la masana.

Wotchi ya m'ubongoyi ikamva kuti kunja kwada, imalamula thupi kuti liyambe kutulutsa homoni yotchedwa melatonin, nthawi zambiri patatsala maola awiri kapena atatu kuti munthu agone. Melatonin si mankhwala ogonetsa ayi. Ili ngati belu la kusukulu, lomwe silimulowetsa mwana m'kalasi koma limangolengeza kuti nthawi yakwana. Kuwala kukamalowabe m'maso madzulo, belulo limachedwa kulira.

Mu 1999 Charles Czeisler ndi anzake ku Harvard anapeza kuti wotchiyi ikasiyidwa payokha, tsiku lake limakhala la maola 24 ndi mphindi pafupifupi 11. Ndiye kuti mwachibadwa ambirife timatsetserekera kogona mochedwa, pokhapokha china chake chiziikonza wotchiyo tsiku ndi tsiku. Chokonzeracho ndi kuwala: kwa m'mawa kumaifulumizitsa, kwa usiku kumaichedwetsa.

Nanga buluuyo akuchokera kuti, poti sikirini imaoneka yoyera? Mababu oyera a LED, ndi nyali zakumbuyo kwa masikirini ambiri, mkati mwake muli kanyali ka buluu kokutidwa ndi mankhwala achikasu. Ziwirizi zikasakanikirana ife timaona zoyera, koma timaselo tija buluuyo timamumva bwinobwino.

Kodi foni imawononga mochuluka bwanji?

Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi anachitikira ku chipatala cha Brigham and Women's mu mzinda wa Boston, ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2014. Anthu 12 ankawerenga pa iPad maola anayi asanagone kwa masiku asanu otsatizana, ndipo masiku ena asanu ankawerenga buku la mapepala. Masiku a iPad, melatonin inatsika ndi theka n'kupitirirako, wotchi ya thupi inachedwa ndi ola limodzi ndi theka, ndipo m'mawa anthuwo ankadzuka ali olefuka. Zoopsa ndithu. Koma kuchedwa kupeza tulo kunali kwa mphindi pafupifupi 10 zokha, iPad anaitsegula kuwala mpaka kumapeto, ndipo anthuwo ankakhala m'zipinda za chipatala tsiku lonse osatuluka padzuwa.

Ku Uppsala m'dziko la Sweden, mu 2016, akatswiri ena anayesa mwanjira ina. Anthu 14 anayamba akhala pamalo owala kwambiri kwa maola 6 ndi theka masana, madzulo ake n'kuwerenga pa tabuleti maola awiri. Tulo tawo ndi melatonin yawo sizinasiyane ndi tsiku limene anawerenga buku wamba. Diso lomwe lakhuta kuwala masana silitekeseka msanga ndi kuwala kochepa kwa usiku.

Manambala amaimveketsa bwino nkhaniyi. Kuwala amakuyeza m'ma lux. Kandulo yomwe ili pa mtunda wa mita imodzi imapereka lux imodzi. iPad ya ku Boston ija inkafikitsa pafupifupi 30 m'maso. Mu ofesi yowala bwino mumakhala pakati pa 300 ndi 500. Panja pamthunzi masana mumapeza masauzande angapo, ndipo dzuwa likakhala paliwombo limatha kufika 100,000.

Umboni wina uli pafupi konkuno. Mu 2017 akatswiri a yunivesite ya Surrey ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza ku Milange, tauni ya ku Mozambique yomwe ili kutsidya kwa chipata cha Muloza ku Mulanje, poiyerekeza ndi mudzi wa Tengua womwe unalibe magetsi. A m'tauni ankagona mochedwerapo ndi pafupifupi ola limodzi, ndipo ankalandira kuwala kochuluka madzulo koma kochepa masana. Kutalika kwa tulo kunali kofanana, maola 7 ndi mphindi pafupifupi 15, popeza a m'tauniwo ankachedwanso kudzuka. Chodabwitsa n'chakuti akumudzi, ngakhale anali mumdima, tulo tawo tinali todukaduka, zomwe zinkayendera limodzi ndi ntchito yakalavulagaga komanso pogona posakhala bwino. Choncho mdima pawokha si mankhwala. Ndipo vuto la wa m'tauni limakula pamene kuwala kwamuchedwetsa kugona koma minibasi yam'mawa ndi mwana wopita kusukulu sizikumudikira.

Gawo loyamba: sabata imodzi yongoyang'ana

Musasinthe kalikonse kaye. Ikani kope ndi cholembera pafupi ndi pogona, ndipo m'mawa uliwonse lembani nthawi imene munalowa m'neti, imene munaika foni pansi, imene mukuganiza kuti tulo tinakupezani, ndi imene mwadzuka. Foni nayo imasunga umboni: pa Android lowani mu Settings mupeze Digital Wellbeing, pa iPhone ndi Screen Time, muone zimene munkachita usiku. Mukapeza kuti pakati pa kulowa m'neti ndi kuika foni pansi pakudutsa ola lathunthu, dziwani kuti vuto lanu lalikulu ndi nthawi imene foni ikudya, osati mtundu wa kuwala kwake.

Gawo lachiwiri: dzukani nthawi imodzimodzi, tulukani panja

Sankhani nthawi yodzuka yomwe mungaikwanitse sabata yonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, osasiyanitsa kuposa ola limodzi. Anthu ambiri amayamba ndi kudzikakamiza kugona msanga, n'kumangotembenuka pabedi maso ali gwa. Nthawi yogona simungailamule, koma yodzuka mungathe, ndipo ikakhazikika yogonayo imatsatira yokha.

Mukadzuka, ola loyamba lisathe musanakhale panja kwa mphindi 20 kapena 30. Dzuwalo musaliyang'ane, limawononga maso. Kungokhala panja kwakwana. Tiyi mwerani pakhonde m'malo mwa pabalaza. Sesani pabwalo, thirirani mbewu, perekezani mwana, tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kuntchito muyende wapansi. Ngakhale tsiku la chiperoni, mitambo itaphimba konsekonse, panja pamawalabe kuposa m'nyumba yoyatsa mababu onse. Kukhala pawindo kumathandizako, kungoti makatani ndi makoma zimadula kuwala kwambiri.

Kwathu kuno tili ndi mwayi womwe a kumaiko ozizira amausirira: chaka chonse dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko n'kulowa chakuma 6 madzulo. Wolima kumunda, wa kabaza, wogulitsa pamsika, dzuwa amalipeza lokwanira, gawoli analikwanitsa kalekale. Amene akuvutika ndi wa pakompyuta. Amachoka kunyumba kusanache bwino, mu ofesi makatani ndi otseka kuti sikirini izioneka, nkhomaliro amadyera patebulo pomwepo, akamatuluka dzuwa lapita. Kwa thupi lake masana ndi usiku zangofanana. Munthu wotere azituluka nthawi ya nkhomaliro, ngakhale kungokagula chimanga chootcha kumsewu n'kudyera konko.

Mphamvu ya dzuwa pa wotchi ya thupi si yamasewera. Mu 2013 Kenneth Wright wa yunivesite ya Colorado anatenga anthu 8 kukagona m'mahema kumapiri a Rocky kwa sabata imodzi, opanda tochi ngakhale foni, usiku akungounikiridwa ndi moto. Pobwerako wotchi za matupi awo zinali zitafulumira ndi maola pafupifupi awiri, ndipo omwe anasintha kwambiri ndi aja ankagona mochedwa kuposa anzawo.

Gawo lachitatu: sinthani babu

Madzulo, babu la padenga nthawi zambiri limathira kuwala kochuluka m'maso kuposa foni, koma palibe amaliimba mlandu. Pokagula babu ambirife timangofunsa mawatsi ndi mtengo, wogulitsa n'kulilowetsa pa soketi kuti tione kuti likuyaka, basi tanyamula. Ulendo wina tembenuzani kabokosi kake. Penapake palembedwa nambala yothera ndi K. Ikakhala 6500K, kapena mawu oti Cool Daylight, ndi lija loyera mbee, lodzaza buluu. Ikakhala 2700K kapena 3000K, kapena Warm White, ndi lachikasu. Loyeralo lisiyeni kukhitchini, panja ndi pamalo ogwirira ntchito. Kuchipinda ndi pabalaza ikani lachikasu la mawatsi ochepa. A LED 3 kapena 5 akwana.

Pomwe nyali ili nawonso ndi nkhani. Yoikidwa pansi pakona, yoloza kukhoma, imaunikira nyumba osathobwa maso. Nyali za sola ndi zotchaja zomwe zadzaza m'misikamu zambiri ndi zoyera kwambiri, koma zina zili ndi batani lochepetsera. Ligwiritseni ntchito, apo ayi itembenuzireni kukhoma. Kandulo ndi koloboyi kuwala kwake sikulimbana ndi tulo, koma zisayandikire neti kapena makatani, ndipo musagone zikuyaka.

Gulu la akatswiri a tulo ochokera m'maiko osiyanasiyana linalangiza mu 2022 kuti kuwala kuziyamba kuchepetsedwa patatsala maola atatu kuti munthu agone, ndipo pogona pazikhala mdima weniweni. M'nyumba ya ana, ya homuweki ndi mbale zodikira kutsuka, maola atatu ndi ovuta. Yambani ndi ola limodzi ndi theka: mukatha kudya nsima yamadzulo, babu lalikulu lizimitsidwe, kanyali kakang'ono kayake.

Musadabwe ngati amuna anu kapena akazi anu amagona tulo tofa nato babu likuyaka pamene inu mukungogubuduka. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Monash ku Australia mu 2019 anapeza kuti anthu amasiyana kupitirira ka 50 pa mmene kuwala kwa madzulo kumachepetsera melatonin yawo. Wopempha kuti magetsi azimitsidweyo sakuvuta dala. Ngati mukugona chipinda chimodzi ndi ena, kuhositelo kapena m'nyumba ya lendi, kansalu kakuda kofewa komanga kumaso kamathandiza.

Gawo lachinayi: konzani foniyo

Izi n'zosavuta, mphindi zisanu zakwana. Chachikulu ndi kutsitsa kuwala kwa sikirini mpaka pomwe mukutha kuwerenga osafinya maso. Kenako yatsani chosinthira sikirini kuti izioneka yachikasu madzulo. Pa iPhone amachitcha Night Shift, ndipo chinayamba mu 2016. Pa Android zambiri ndi pa kompyuta za Windows ndi Night Light. Pa Tecno, itel ndi Infinix mudzapeza Eye Care. Pa Samsung ndi Eye Comfort Shield. Chitcherani kuti chiziyaka chokha dzuwa likalowa. Yatsaninso Dark Mode, zilembo zizikhala zoyera pa sikirini yakuda. Ndipo foni italikire nkhope: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika m'maso kumatsika pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake TV yomwe ili kukhoma uko siivuta ngati foni yomwe ili pamphuno.

Koma musayembekezere zozizwitsa. Mu 2021, pa yunivesite ya Brigham Young ku America, achinyamata 167 anawagawa patatu: ena ankagwiritsa ntchito foni ola lomaliza asanagone Night Shift ili yoyaka, ena ili yozima, ena osaigwira n'komwe. Night Shift sinasinthe tulo ta omwe anaiyatsa. Pakati pa omwe ankagona maola okwanirako, amene anagona bwino ndi aja sanaigwire foniyo.

Magalasi otchinga buluu nawonso umboni wake ndi wofooka. Mu 2023 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula umboni wa zachipatala, linaunika mafukufuku 17 ndipo silinapeze umboni womveka woti magalasiwa amachepetsa kutopa kwa maso kapena kukonza tulo. Ine ndingati ndalama ya magalasiyo gulirani babu lachikasu ndi kawotchi ka alamu, chenji chitsala.

Gawo lachisanu: foni ituluke m'neti

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wagona chagada m'neti, magetsi wazimitsa, foni waigwirira m'mwamba pafupi ndi mphuno, nkhope yokha ikuwala. Maso ayamba kutseka, dzanja lalefuka, foni yamugwera pamphumi. Wadzidzimuka, waitola, wapitiriza pomwe analekezera. Tulo tinabwera, mwini wake watipirikitsa. Pamenepa kuwala mlandu wake ndi wochepa. Wamkulu uli ndi vidiyo ya TikTok yomwe ikatha ina ili kale pakhomo, mkangano wa pagulu la WhatsApp la kubanja wokhudza msonkhamsonkha wa chinkhoswe, ndi tikiti ya kubetcha yomwe yatsala ndi timu imodzi. Mtima ukamathamanga, melatonin ingachuluke bwanji, tulo sitibwera.

Mu 2025 kafukufuku wa ophunzira opitirira 45,000 ku Norway anapeza kuti ola lililonse lothera pa sikirini munthu atalowa kale pabedi linkayendera limodzi ndi kuchepa kwa tulo ndi mphindi 24, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni kaya munthuyo anali pa masamba a mchezo kapena akuonera filimu.

Ndiye chitani izi. Tcherani alamu yachiwiri, osati yodzutsa koma yokuuzani kuti foni ipume, ola limodzi musanagone. Ngati ola likuchuluka, yambani ndi theka. Alamuyo ikalira, yankhani mameseji omwe sangadikire, kenako kaiikeni foni pomwe simungaifikire muli chigonere: patebulo la kutsidya kwa chipinda, sikirini itayang'ana pansi, kapena pabalaza ngati m'nyumbamo ndi motetezeka. Ngati soketi yokhayo ili pamutu pa bedi, tchajani foni madzulo musanagone, kapena gulani chingwe chowonjezera. Kutchaja foni pansi pa pilo siyani ndithu; batire limatentha ndipo litha kuyambitsa moto.

Ambiri amakana gawoli ndi chifukwa chomveka. Amati nanga amayi kumudzi akadwala usiku, nanga uthenga wa maliro ukabwera? Foni ili ndi yankho lake. Yatsani Do Not Disturb, musankhe anthu ochepa omwe akaimba izilira: makolo, ana, mlonda, oyandikana nawo nyumba. Muthanso kuilola kuti munthu aliyense akaimba kawiri motsatizana, ilire. Zina zonse, mameseji a magulu ndi a malonda omwe, zikhale chete mpaka kucha. Uthenga wofunikadi usiku anthu amaimba, salemba pagulu.

Pali msampha wina wa kwathu kuno: mabandulo a usiku, otchipa kuposa a masana. Munthu amadzuka pakati pa usiku kuti apulumutse ndalama, n'kutaya tulo mpaka tambala woyamba. Ngati mukuwafunadi, konzeranitu masana zimene mukufuna kukopera. Nthawi ikakwana dinani, ikani foni pansi izidzikopera yokha, mudzaonere mawa. N'chimodzimodzi magetsi akabwera usiku atazima tsiku lonse: lumikizani foni ku soketi, musaitsegule.

Ola limene lapulumukalo musalisiye lopanda kanthu, chifukwa dzanja lidzabwerera kufoni lokha. Sitani zovala zamawa, sambani, werengani buku la mapepala, Baibulo kapena Korani pa kanyali kachikasu kaja, mverani wailesi motsitsa, chezani ndi a m'nyumba mwanu. Ngati mutu wadzaza za ngongole ndi fizi, zilembeni m'kope lija pamodzi ndi chimene muchite mawa.

Za mpira sindinganame kuti musiye. Masewero akuluakulu a Champions League amayamba 9 koloko usiku nthawi ya kwathu, ndipo ku Ulaya kukakhala nyengo yozizira amayamba 10 koloko n'kutha chakuma 12. Sankhani omwe simungawaphonye, onerani pa TV muli patali babu lalikulu lili lozima, ndipo akatha musalowe pa Facebook kukatsutsana za refu. M'mawa dzukani nthawi yanu yomwe ija. Mukawodzera masana, gonani mphindi 20 isanakwane 3 koloko, osapitirira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mukadzuka pakati pa usiku

Kudzuka kamodzi kapena kawiri usiku si matenda. Choipa ndi kutola foni kuti muone nthawi, chifukwa diso lomwe lakhala mumdima kuwala kumaligwira kwambiri, ndipo mutu umayamba kuwerengera maola otsala. Popita kuchimbudzi gwiritsani ntchito tochi yofooka yoloza pansi. Ngati mwakhala maso kwa nthawi yomwe mukuona ngati mphindi 20, tulukani pabedi, khalani pampando pa kuwala kochepa, muchite chinthu chosasangalatsa kwenikweni mpaka muyambe kuyasamula, ndiye mubwerere. Njirayi anaiyambitsa Richard Bootzin mu 1972 ndipo madokotala a tulo akuigwiritsabe ntchito. Cholinga chake n'chakuti thupi lizolowere kuti pabedi ndi pogona, osati podandaulira.

Yang'aninso chikho chanu. Kafeini ya mu khofi, tiyi, zakumwa za kola ndi zopatsa mphamvu, theka lake limakhala lidakali m'thupi patatha maola pafupifupi asanu. Womwa khofi 5 koloko madzulo asadzudzule foni yokha.

Ana ndi a mayeso

Maso a ana amalowetsa kuwala kochuluka kuposa a akuluakulu, chifukwa mwanadiso wawo ndi wamkulu ndipo galasi la m'diso likadali loyera. Akatswiri a ku Colorado anapeza kuti mwa ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ngakhale kuwala kochepa ola lomaliza asanagone kumatsitsa melatonin kwambiri. Choncho chizolowezi chomupatsa mwana foni ya katuni kuti atonthole n'kugona chimabweza zinthu m'mbuyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Wa zaka 6 mpaka 12 amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12, wachinyamata 8 mpaka 10, wamkulu osachepera 7.

Achinyamata wotchi yawo imachedwa mwachibadwa akamakula, ndiye foni imangowonjezera pa vuto lomwe lilipo kale. Lamulo lomwe limagwira ntchito ndi lokhudza nyumba yonse: mafoni onse, a bambo ndi a mayi omwe, agone pamalo amodzi. Lamulo la mwana yekha, bambo ali pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku, silikhalitsa.

Wokonzekera mayeso a JCE kapena MSCE amene manotsi ake ali pafoni, awerenge zapafonizo kukadali kowala, madzulo atsale ndi makope ndi mapepala a mayeso akale. Kuchezera usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kumaoneka ngati khama, koma ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo. Kuli bwino kugona msanga n'kudzuka m'bandakucha.

Ogwira ntchito usiku ndi okhala kunja

Alonda, anamwino, apolisi ndi oyendetsa mathiraki malangizowa awatembenuze. Kuntchito usiku kukhale kowala, makamaka maola oyambirira. Pobwerera kunyumba m'mawa valani magalasi akuda a dzuwa ngati simukuyendetsa galimoto, mukafika musatsegule foni, tchingani windo ndi bulangete lokhuthala, ndipo gonani nthawi yomweyo.

Abale athu a ku Britain vuto lawo ndi lina. Ku London mu December dzuwa limatuluka chakuma 8 koloko n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, pamene mu June limalowa 9 koloko itadutsa. Nyengo yozizira tulukani panja masana ngakhale kuli mitambo; yotentha gulani makatani okhuthala. Ndipo poti kwathu nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi kapena awiri, panganani ndi akumudzi nthawi yoimbirana foni, kuti wina asamadzutsidwe pofuna kuti mnzake acheze.

Ngati zonsezi sizikuthandiza

Zipatseni masabata awiri kapena atatu, chifukwa wotchi ya thupi imasuntha pang'onopang'ono, kenako yerekezani ndi zimene munalemba m'kope sabata yoyamba ija. Ngati mukusowabe tulo masiku atatu kapena kuposa pa sabata kwa miyezi itatu, pitani kuchipatala. Pitaninso ngati ogona nanu akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika ngati mpweya waima, ngati mukuwodzera poyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, kapena ngati kusowa tuloko kukubwera ndi kutaya mtima ndi kusafuna kudya. Mankhwala ena, kuphatikizapo ena mwa ma ARV, amasokoneza tulo; musasiye kumwa, koma auzeni adokotala, nthawi zina amangosintha nthawi yomwera. Piriton, diazepam ndi mowa musazisandutse zogonetsera: zimakugwetsani msanga koma tulo take si tabwino, ndipo diazepam ndi mowa thupi limazizolowera mpaka kulephera kugona popanda izo. Popita kuchipatalako tengani kope lija, adokotala aone okha nthawi zimene mwakhala mukugona ndi kudzuka.